Ahedi akuti mwana wanga apite kwa osaona akaphunzire Braille, kodi nzoona? Yankho kwa mayi a ku Khombedza

Funso lachokera kwa mayi ena a kudera la Khombedza ku Salima, dzina sitilemba. Ali ndi mwana wamkazi wachialubino, ali sitandade 6, pa bolodi saona bwino, notsi amakopera kwa anzake pa buleki ndipo mayeso a teremu yatha sanakhoze. Ahedi awauza kuti pasukulupo palibe zipangizo, bola apite naye ku resource, komwe amaphunzitsa ana osaona, akaphunzire Braille, zilembo za timadontho zowerenga ndi zala. Mayiwa ali mu mother group nde akufunsiranso ana ena awiri a pasukulu pomwepo, mnyamata wosamva bwino amene anapatsidwa hearing aid, kachipangizo kovala kukhutu kothandiza kumva, koma inasiya kugwira ntchito, ndi wina woyenda pa wilutcheya amene masiku ambiri amajomba. Akufuna kudziwa kuti zipangizo zoyenera ndi ziti, amapereka ndani, nanga sukulu ili ndi udindo wanji.

Amayi, zikomo polemba, ndiyankha motalika ndithu chifukwa nkhani mwabweretsayi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ine ndine mphunzitsi wa ana ovutika kuona, kosi yake ndinapangira ku Montfort ku Nguludi, ndipo zaka zambiri ndakhala ndikupalasa njinga m'masukulu a kunyanja kuno kuyendera ana ngati wanuyo. Choyamba penipeni, musafulumire kumusamutsa mwanayo. Ahediwo sindikuwaweruza ayi, mwina kalasi imodzi muli ana oposa 100 ndipo palibe anawaphunzitsapo za zimenezi, iwo akuona ngati akukuthandizani. Koma sitiyambira pa chipangizo, timayamba ndi kumuyeza mwana kuti tidziwe akuona mpaka pati, akumva mpaka pati, thupi lake likufuna chani. Mukadumpha pamenepo mwana amapatsidwa chinthu chosayenera, chimakathera mu kabati, iye zaka zikupita.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Ndinafika pa sukulu ina, sinditchula, ndinapeza kamtsikana kachialubino kali pa desiki ndi pepala la Braille, aphunzitsi akuyamikira kuti kakuwerenga bwino. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti zala zili pambali, sizikukhudza timadontho tija nkomwe, kaweramira pepala mphuno kutsala pang'ono kugunda, kakulipendeketsa kuti timadontho tipange mthunzi nkumawerenga ndi maso. Ndinatulutsa maka wakuda mchikwama nkulemba dzina lake pa katoni ndi zilembo zazikulu, kanawerenga pompo osajejema. Mwana ameneyo anali atatha zaka ziwiri akuphunzira njira ya anthu osaona chonsecho maso ali nawo, mabuku a zilembo wamba, meseji ya pafoni, chikwangwani cha pamsewu, zonsezo anali atamutsekera pachabe. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Vuto la maso la ana achialubino lili chonchi. Chija chimadetsa thupi ndi tsitsi, madokotala amati melanin, chimafunikanso mkati mwa diso nthawi imene diso likupangika. Chikachepa, mbali yoonera tinthu ting'onoting'ono ndi zakutali siikhwima bwino, kuwala kumalowa kochuluka nde mwana amatsinzina pa dzuwa, ndipo mukamuyang'ana bwino muona maso akugwedera uku ndi uku. Pena amapendeketsa mutu powerenga, musamuletse, akufunafuna pamene maso akudekha. Koma chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi, chialubino pachokha sichipangitsa maso kumka naipiraipira mpaka kusiyiratu kuona. Mmene akuonera lero ndi mmene azidzaonera atakula, pokhapokha patabwera matenda ena a maso amene angagwire munthu aliyense. Zija amanena anthu kuti akamayandikitsa buku kumaso maso atha msanga ndi bodza, maso si batire ya tochi yoti ukamayatsa imatha. Msiyeni ayandikitse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, ndipo ana ambiri mwa amenewa chimene akufuna si Braille ayi, ndi zilembo zazikulu ndi malo abwino okhala mkalasi.

Nde tiyambe ndi zosafuna ndalama, zoti ahedi ndi aphunzitsi a kalasi angapange mawa lomwe. Mwana akhale kutsogolo, koma kungoti kutsogolo sikokwanira, amuyese malo angapo anene yekha pamene akuona bwino, ndipo kuwala kwa pawindo kapena pakhomo kuzichokera kumbuyo kwake osati kumaso. Aloledwe kudzuka nkupita pafupi ndi bolodi nthawi iliyonse osapempha, anzake auziridwetu kuti asamamukuwize kuti watitchinga. Bolodi lenilenilo mukaliyang'ane, masukulu ambiri kuno bolodi linatuwa kalekale, choko choyera pa bolodi lotuwa olo mwana wa maso abwino wakumbuyo saona, kachitini kamodzi ka penti wa bolodi kamathandiza kalasi yonse. Aphunzitsi azilemba zilembo zazikulu ndipo azitchula mokweza zimene akulemba, asamangoti ichi kuphatikiza ichi akuloza ndi chala, aziti 24 kuphatikiza 17. Notsi azimubwereka za m'kope mwawo akopere pafupi, osati buleki yonse kuthera kupempha makope a anzake. Pensulo simuyanja chifukwa imalemba motuwa, mugulireni bolopeni yakuda yolemba monenepa, ndipo mizere ya m'kope ngati sakuiona muzidutsitsamo ndi rula ndi bolopeni madzulo kunyumba, mkulu wake olo mlongo wake angathe zimenezi. Buku azigwira lakelake m'manja, zoti buku limodzi ana asanu kuunjikana kwa iye sizingatheke.

Za dzuwa mukuzidziwa kuposa ine, dzuwa la Salima mu Okutobala si lamasewera. Chipewa cha khonde lalikulu azivala olo mkalasi, si mwano, chimatchinga kuwala. Yunifolomu ikhale ya manja aatali ndi siketi yaitali. Pa asembule aziima pamthunzi, zosesa panja masana ndi zolima dimba la sukulu amusinthire ntchito ya mkati, ndipo ngati pali makalasi ophunzirira pansi pa mtengo, kalasi yake ndiyo ipatsidwe chipinda. Mafuta odzola oteteza ku dzuwa kafunseni ku chipatala cha boma, amayenera kuperekedwa ulere, akakuuzani kuti atha musatope kubwererako ndipo adziwitseni a APAM, bungwe la anthu achialubino. Popita ndi pobwera ku sukulu asamayende yekha, chifukwa chake nonse mukuchidziwa.

Tsopano zipangizo zenizeni. Pitani naye ku chipatala cha boma pa Salima, mbali ya maso, mutenge kabuku kake ka kuchipatala, mukanene kuti mukufuna amuyeze maso chifukwa cha sukulu. Akaona kuti pakufunika zambiri amatumiza ku Lilongwe, ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central, kapena mutha kupita ku Nkhoma komwe kulinso chipatala cha maso chodziwika. Ana achialubino ambiri magalasi amawathandiza, koma ndinene chilungamo, magalasi sangamupangitse kuona ngati anzake, amangochotsako mbali ina ya vuto, nde musakhumudwe akavala nkumayandikitsabe buku. Magalasi a pamsika aja amagulitsa pamodzi ndi malamba ndi mawotchi musamugulire owerengera, ayenera kukhala a muyezo wake wake. Pa bolodi chimene chimathandiza zedi ndi katelesikopu ka diso limodzi, kakang'ono kokwana m'dzanja, kamakhala ndi chingwe chokoleka m'khosi, mwana akaika pa diso za pa bolodi zimaoneka ngati zayandikira. Powerenga buku pali galasi lokulitsa zilembo, lina la chogwirira, lina looneka ngati mpira wodula pakati loika pamwamba pa tsamba nkumalikankha, lomalizali ana amalikonda chifukwa silivuta olo dzanja lizinjenjemera. Kuti khosi ndi msana zisamapweteke ndi kuwerama, kalipentala wa pa Khombedza pompo angakhome kathabwa kopendekeka koikapo buku, ngati kaja amaikapo Baibulo ku tchalitchi kapena Kurani ku madarasa. Ndipo ngati pakhomo pali foni ya kamera, olo yotchipa, kujambula tsamba nkulikulitsa ndi zala ndi chipangizonso chimenecho, homuweki imayenda.

Koma apa mpamene ambiri timalakwitsa, timaona ngati chipangizo chikafika nkhani yatha. Telesikopu ija mwana akangopatsidwa osaphunzitsidwa amaona zinthu zikuvina, amasochera pa bolodi osadziwa mzere uli pati, mutu kuyamba kuwawa, sabata imodzi waisiya. Pamafunika munthu wokhala naye pansi kumuphunzitsa kupeza kaye bolodi ndi maso, kenako kukweza telesikopu, kupotokola mpaka zilembo zioneke, kutsata mzere kuyambira kumanzere, kusunga mawu atatu anayi m'mutu nkutsitsa kulemba. Imeneyo ndi ntchito ya ife aphunzitsi oyendera, ndipo imatenga masabata. China chimene chimandipweteka ndi kupeza chipangizo cha mwana chatsekeredwa mu ofesi ati kuopa chingasowe kapena kusweka, nkumatuluka tsiku lobwera alendo lokha. Chipangizo ndi cha mwana, azikhala nacho mkalasi, azipita nacho kunyumba, inu mumusokere kathumba ka nsalu koikamo. Tsiku loyamba aphunzitsi awalole anzake onse asuzumiremo kamodzi kamodzi chidwi chithe, apo ayi amamuseka mpaka iye kuchita manyazi nkuchibisa pansi pa chikwama.

Mwafunsa za udindo wa sukulu. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 25, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho, ulumali unatchulidwamo ndithu. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe pa gawo 24 limati mwana asachotsedwe mu maphunziro a onse chifukwa cha ulumali wake, aphunzire mdera lomwe akukhala ndipo sukulu isinthe zofunika kusintha kuti iye athe kuphunzira. Kenako kunabwera lamulo la za ulumali la 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano lolowa mmalo mwake, lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Nde ahedi alibe mphamvu yokana mwana kapena kumukankhira kwina ponena kuti tilibe zipangizo. Maganizo atha kupereka, koma osankha ndinu makolo mutamva zimene apeza oyeza. Komabe sindikunamizani, lamulo kulembedwa sindiye kuti telesikopu ili mu kabati ya ahedi kudikira mwana wanu. Zipangizo ndi zochepa, aphunzitsi a ntchito imeneyi tilipo ochepa, ndipo mmene ndaonera ine amene amalandira ndi mwana amene dzina lake linalembedwa penapake komanso kumbuyo kwake kuli munthu wosatopa kufunsa.

Nde mupange chonchi. Pemphani ahedi alembe kalata, zapakamwa zimauluka, yonena dzina la mwana, kalasi ndi vuto lake, ipite kwa a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale, ku ofesi yawo ku TDC ya zoni yanu, iwo ndi amene amalumikizana ndi ofesi ya maphunziro pa boma, kwa a DEM monga tinazolowera kunena, komwe kumakhala woona za ana ofunika thandizo lapadera. Mupemphe kuti mphunzitsi wa special needs abwere adzamuone mwana mkalasi mwake momwemo. Kalatayo muijambule pafoni kapena mupange fotokope musunge pamodzi ndi pepala la kuchipatala. Mufufuzenso ngati ana atatuwa analembedwa ngati ana aulumali pa mafomu a kalembera wa masukulu wa chaka ndi chaka, chifukwa sukulu ikalemba kuti ilibe, ku unduna amadziwa kuti ilibe basi. Inuyo muli ndi mwayi poti muli mu mother group. Ndalama zotukulira sukulu za SIG zija zimabwera ku sukulu zimayendera pulani imene komiti ya sukulu, PTA, mother group ndi mafumu mumakhalira limodzi pansi, nde pa msonkhano umenewo kwezani dzanja, penti wa bolodi, fotokope ya mayeso a zilembo zazikulu, simenti ya rampu yokwerera wilutcheya, mpando wa mchimbudzi, zilembedwe mu pulani ndi mtengo wake womwe. Zikapanda kulembedwa ndalama imathera ku zina. Kupatula apo kuli ofesi ya social welfare pa boma, kuli FEDOMA yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, kuli PODCAM ya makolo a ana aulumali, konseko kagogodeni.

Za mayeso musadikire sitandade 8. A MANEB amakonza mapepala a zilembo zazikulu ndi a Braille ndipo amawonjezera nthawi kwa ana ofunika thandizo lapadera, koma salota, amadziwa pokhapokha sukulu yanena nthawi yolembetsa mayina. Ndinakumanapo ndi mnyamata amene analowa mchipinda cha mayeso nkupatsidwa pepala la tizilembo ting'onoting'ono chifukwa polembetsa palibe anaonetsa kuti ndi wovutika kuona, ndipo tsiku limenelo madzi anali atafika kale m'khosi, panalibe chopanga. Nde chaka chimenecho chikadzafika mudzapite nokha kwa ahedi kukafunsa kuti pa dzina la mwana wanga mwalembapo chani, mudzaone ndi maso. Panopa kuyambira teremu ino mayeso a pasukulu asamakopere pa bolodi, azimupatsa papepala, olo aphunzitsi alembe pamanja ndi maka, ndipo azimuwonjezera nthawi kuti azolowere. Maso a mwana wotere amatopa msanga, akamachedwa si ulesi kapena kusadziwa ayi.

Musandimve ngati ndikunyoza ma resource, ayi ndithu, kwa mwana amene saoneratu kapena amene maso ake akumka nafa, kumeneko nkomwe kuli tsogolo lake. Pa Salima boma ilipo, ku Nkhotakota iliko, kuli Chilanga ku Kasungu, kuli Malingunde ku Lilongwe. Kumeneko mwana amaphunzira Braille, zilembo za timadontho 6 tosanjidwa mosiyanasiyana, amayamba ndi kafulemu kobooka ndi kamsomali kobayira pepala, polemba amayambira kumanja kupita kumanzere kuti akatembenuza pepala liwerengeke bwino, kenako makina olembera Braille a Perkins aja olemera koma olimba zedi. Amaphunzira masamu pa abakasi, kachipangizo ka mikanda kowerengera, kuyenda ndi ndodo yoyera, ndipo ku sekondale ena amafika pa laputopu yokhala ndi pulogalamu yowerenga mokweza, NVDA ndi yaulere pomwe JAWS ndi yogula, pa mafoni a Android pali TalkBack. Nako mavuto aliko, pepala la Braille ndi lodula, Perkins ikaonongeka okonza ndi osowa. Akamuyeza mwana wanu nkupeza kuti olo zilembo zazikulu sakuziona, ine ndemwe ndidzakuuzani kuti apite. Komanso aphunzitsi a pa resource mutha kukawaona osamusamutsa mwana, mupite naye tsiku limodzi akamuone akulangizeni, nkubwerera ku sukulu yake kwa anzake, kumagona pakhomo pa mayi ake.

Tibwere kwa mnyamata wa hearing aid. Makina ambiri otere amene makolo amandionetsa kuti afa amakhala asanafe. Choyamba batire, timabatire take ndi tating'ono ngati batani la malaya, timakhala ndi kapepala komata, ukangomatula kamayamba kutha olo osakagwiritsa ntchito, ndipo kamodzi kamakhala sabata imodzi kapena ziwiri, sikuti chaka. Tili ndi manambala, 13 kapepala kake ndi ka olenji, 675 ka buluu, 312 ka bulawuni, nde makolo adziwe nambala yawo, ndipo batire ya wotchi olo ikwanemo siyoyenera. Chachiwiri kachubu ndi kaja kolowa m'khutu kamatsekeka ndi phula la m'khutu kapena thukuta, kuno kunyanja ndi chinyezi ndi kutentha kwathuku zimachitika pafupipafupi, nde usiku azichotsa batire nkuika makinawo mu kabotolo kotseka bwino momwe muli timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Kuyesa nkosavuta, ikani batire yatsopano, yatsani, fumbatani m'dzanja, ikalira kuti tswii ndiye kuti ili moyo. Ikamalira choncho ili kukhutu kwa mwana, kawirikawiri ndiye kuti kolowa m'khutu kaja kachepa, mwana wakula, pafunika kuumba kena. Zimenezi amapanga ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 ku Lilongwe, ndi ku Queens ku Blantyre. Ngati khutu likutuluka mafinya asavale kaye, apite kuchipatala, ndipotu ana ambiri osamva bwino chiyambi chake ndi mafinya omwewa ongowasiya kuti atha okha, ena ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi.

Koma olo itakonzedwa, hearing aid imakweza phokoso lonse, mawu a aphunzitsi pamodzi ndi kalasi yonse ikusokosera ndi mvula pa malata. Naye akhale kutsogolo, aphunzitsi asamalankhule atayang'ana ku bolodi, nkhope yawo izioneka bwino, kukuwa sikuthandiza kumangopotoza milomo imene mwana akuyesa kuwerenga. Ndipo oyeza akapeza kuti samva kwambiri, chimene chingamutsegulire sukulu ndi chinenero chamanja, chomwe ndi chinenero chokwanira ngati Chichewa kapena Chiyao, osati kungolozaloza. Sukulu ya ana osamva ya Mua siili kutali ndi inu, mumangotsata msewu wa M5 kulowera ku Mtakataka, ndipo a MANAD, bungwe la anthu osamva, angakulumikizeni ndi ophunzitsa chinenerochi. Makolo nawonso aphunzireko, zimandimvetsa chisoni mwana kubwera ku holide nkhani zitadzaza m'manja koma pakhomo palibe womumva.

Wa wilutcheya uja sindinamuone, koma ndikukaikira zinthu ziwiri zimene zikumujombetsa, mchenga ndi chimbudzi. Ma wilutcheya ambiri obwera ngati mphatso ndi a mchipatala, opinda aja, timatayala takutsogolo ting'onoting'ono, anapangidwira pa simenti. Pa mchenga wathu wa kunyanjawu timatitimira pompo, womukankha amatopa, mvula ikagwa nde basi. Ndinaonapo gulu lina litabwera ndi lole ya mipando ya saizi imodzi, ya akuluakulu, kukhazikapo ana, kujambula zithunzi nkumapita, patatha miyezi ingapo kamwana kena ndinakapeza katapendekera mbali imodzi mu mpando waukulu ngati bafa, msana ukupindika, pokhalira pali chilonda. Wilutcheya imayezedwa ngati nsapato, kukula kwa chiuno, kutalika kwa ntchafu, popondera mapazi, ndipo iyenera kukhala ndi khushoni yabwino chifukwa chilonda cha pokhalira chimapha, makamaka kwa mwana amene kumunsi samva kukhudza. Ya kumudzi imafunika ya matayala atatu, lakutsogolo limodzi lonenepa, akumbuyo a saizi ya njinga kuti okonza njinga za kabaza pa Kamuzu Road kapena pamsika uliwonse athe kumata ndi kusintha masipoko. Kwa mwana wa manja amphamvu amene sukulu ili kutali, njinga yopalasa ndi manja ija ndiyo yabwino. Yambirani ku physio, kwa ophunzitsa mafizo, pa chipatala cha boma, iwo amadziwa njira ya ku MAP, bungwe lija linayamba ndi za poliyo, ndipo za miyendo yochita kupanga ndi zitsulo zolimbitsa miyendo kuli malo amene anakhazikitsa a 500 Miles pa Kamuzu Central.

Pasukulu rampu isakhale yongonamizira. Muyezo wake, pa masentimita 10 aliwonse okwera rampu italike masentimita 120, nde khonde lokwera masentimita 30 likufuna rampu ya mamita 3 ndi masentimita 60. Zija amamanga zonga chulu mwana sangakwere yekha ndipo potsika amagwa chafufumimba. Khomo likhale masentimita 90 kuti mpando ulowe. Koma chimbudzi ndiye nkhani imene anthu sakonda kuikamba. Kaimeni pakhomo pa chimbudzi cha anyamata buleki itangotha, muyang'ane pansi, kenako muganize kuti mwana ameneyu amatsika pa mpando nkukwawa ndi manja pamenepo, manja omwewo akadyere phala. Ana otere amasiya kumwa madzi kuyambira mmawa kuti asafune kutaya madzi, ndi kutentha kwa kuno, ena amangoisiya sukuluyo, ndipo kwa atsikana akatha msinkhu ndiye zimanyanya. Chofunika ndi chitseko chimodzi chachikulu, njira yolimba yofika pakhomo, chitsulo kapena mtengo wogwirira m'mbali, ndi mpando wathabwa wobooka pakati woika pamwamba pa dzenje, zonsezi kalipentala ndi mmisiri wa m'mudzi momwemo angapange. Kalasi yakenso isankhidwe ya pafupi yopanda masitepe, olo pafunike kusinthana zipinda ndi kalasi ina.

Tibwerere kwa mwana wanu amayi. Lolemba likubwerali musapite kwa ahedi ndi mkwiyo, mutengane ndi mayi mnzanu mmodzi wa mother group ndi mwanayo, mupemphe kulowa mkalasi ana ataweruka. Aphunzitsi alembe chiganizo pa bolodi mmene amalembera masiku onse, mwana ayambire kumbuyo aziyenda pang'onopang'ono kubwera kutsogolo mpaka pamene awerenge bwinobwino osalota. Pamene waimapo mulembepo ndi choko pansi, muwerenge mapazi kuchokera pa bolodi. Kenako alembenso zilembo zokulirapo muyesenso, mutseke chitseko kapena windo lowala muyesenso. Manambala amenewo mulembe papepala muike mu kabuku kake ka kuchipatala, mukawaonetse a maso ku Salima ndi mphunzitsi woyendera akadzabwera. Ndipo mumufunse mwini wake, muli awiriwiri opanda aphunzitsi, kuti chimamuvuta kwambiri nchani pasukulupo, pena ana amatchula chinthu chimene akulufe sitinachiganizire nkomwe, wina anandiuzapo kuti si bolodi ayi, ndi dzina limene anzake amamuitana pa mzere wa phala.